Funsani Aphunzitsi: Mwana wanga ndi wanzeru, nanga amusankhe ndani kuno ku Joni?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani ya ana anzeru m'sukulu za boma. Ndatengapo anayi, ena ndawadula pang'ono kuti akwane pa tsamba.

Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ali Grade 2 pa sukulu ya boma kuno kwathu. Anayamba kuwerenga asanalowe ndi Grade R yomwe, pa report amangotenga ma 7 okhaokha, malikisi apamwamba kwambiri, homework amamalizira mu taxi tisanafike ndi kunyumba komwe. Pano wayamba zoti m'mimba mukupweteka m'mawa ulionse, ukamufunsa bwinobwino akuti kusukulu kukubowa amangobwereza zomwezomwezo. Achemwali anga ali ku Virginia ku America akuti wawo analemba mayeso ali Grade 2 ndiye anamusankha kupita kalasi ya ana anzeru, akundifunsa kuti wako alemba liti. Ndinakafunsa ku ofesi ya sukulu anangondiyang'ana. Kodi akutibisira poti ndife obwera? Mayi wa ana awiri, Rosettenville

Amayi, mtima pansi kaye, palibe chimene akukubisirani. Mayeso amenewo m'sukulu za pulayimale za boma kuno kulibe, ngakhale mwana wa mzika salemba.

Zimene akunena achemwali anuzo ndi zoona, koma ndi za kwawoko. Ngati ali ku Fairfax County, kufupi ndi Washington, kumeneko kuli pulogalamu ya ana anzeru amaitcha AAP. Ana amalemba mayeso oyesa kaganizidwe akadali m'makalasi oyambirira, kwa zaka zambiri ankagwiritsa ntchito a NNAT ndi CogAT, kenako aphunzitsi amalemba zimene akuona pa mwanayo, amaikapo zitsanzo za ntchito yake, kholo nalonso limaloledwa kupempha lokha kuti mwana wanga muwoneni, ndiye failo yonseyo imapita ku komiti. Osankhidwa amayamba kalasi yawoyo ku Grade 3, okanidwa makolo amatha kuchita apilo. Komanso musaganize kuti ku America konse zili choncho, dera lililonse lili ndi zake, ndipo amakangana nazo kwambiri. Ku New York ankalembetsa mayeso ana a zaka 4 zokha, mu 2021 anawasiya anthu atadandaula kuti mabanja a ndalama ankalipira aphunzitsi apadera okonzekeretsa ana, ndipo ana akuda m'makalasimo anali ochepa zedi.

Kuno ku South Africa lamulo linalowera kwina dala. South African Schools Act ya 1996, ndime 5, imaletsa sukulu ya boma kulembetsa mwana mayeso pofuna kumulandira. Mukaganizira kumene dzikoli likuchokera mumvetsa, paja nthawi ya tsankho ana akuda ankatsekeredwa kunja kwa sukulu zabwino, ndiye boma latsopano linaopa kuti mayeso akhala chitseko china chotsekera ana omwewo. Kenako mu 2001 kunatuluka White Paper 6, ndondomeko ya boma imene imati ana onse, othamanga ndi ochedwa omwe, aphunzire limodzi ndipo mphunzitsi azipatsa aliyense ntchito yomuyenera. Papepala ndi zabwino ndithu. M'kalasi ya ana 40 kapena kuposa ndi nkhani ina. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Grade 4 m'dziko muno sankatha kuwerenga ndi kumvetsa zimene awerengazo, m'chilankhulo chilichonse. Ndiye mphunzitsi wa mwana wanu mphamvu zake zonse zimathera pa amene akulephera kulumikiza zilembo, wanuyo poti sakuvuta amangomuuza kuti khala chete kapena thandiza mnzako. Sikuti amuda ayi. Koma mwana amavutika ndithu, ndipo m'mimba mukupwetekamo musamutenge ngati wabodza, ana ambiri otere amatero.

Ife a kumudzi zimativuta kumvetsa chifukwa tinakulira m'dziko la kusankhidwa. Ulembe Standard 8, MANEB ichonge, maina atuluke, uyu wapita Dedza Government, uyu Lilongwe Girls, uyu CDSS ya pafupi, wina wabwereza. Akuluakulu amakumbukanso Kamuzu Academy ku Mtunthama itangotsegulidwa mu 1981 ikutenga ana okhoza kwambiri m'boma lililonse. Ndiye timakhala ndi chikhulupiriro choti mwana akakhala wanzeru boma limuona lokha, ife tingodikira dzina lituluke. Kuno mukadikira zimenezo mwana afika Grade 7 palibe amene wabwera kudzamutenga. Amene ayambitse nkhaniyi ndinu.

Ku ofesi kuja munalakwa khomo, a ku ofesi ntchito yawo ndi mafomu ndi fizi. Lembani kakalata kopempha nthawi yokumana ndi mphunzitsi wa kalasi, osati kumugwira pa geti ana akuweruka. Mutenge mabuku amene mwana amawerenga kunyumba ndi zimene amalemba yekha, aone ndi maso. Ndipo mawu oti mwana wanga ndi wanzeru kuposa anzake musawatchule, aphunzitsi amawamva kwa kholo lililonse mpaka anatopa nawo, inu munene zimene zikuchitika basi, kuti akumaliza msanga, akukana kudzuka, mungamupatseko ntchito yovutirapo? Apa mumvetsetse, yovutirapo, osati yochuluka. Mwana amene wamaliza masamu 10 ukamuonjezera ena 20 a mtundu womwewo amaona ngati chilango ndipo mawa amayamba kuchedwa dala. Zikakanika pitani kwa HOD, mkulu wa aphunzitsi a Foundation Phase, ndiye amayang'anira Grade R mpaka Grade 3. Sukulu iliyonse ya boma imayeneranso kukhala ndi kagulu kotchedwa SBST, kamene pansi pa ndondomeko ya SIAS ya 2014 kamakhala pansi kukambirana za mwana amene akufunika thandizo lapadera. Nthawi zambiri amakambirana za ana olephera, koma palibe choletsa kuti mupemphe akambirane za wanu, ndipo kagulu kameneka ndi kamene kangafikitse nkhani ku district.

Anthu akuuzani kuti angomudumphitsa kalasi. Zimachitika koma mwa apo ndi apo, ndipo kholo silingalamule lokha. Ine maganizo anga, kwa mwana wa Grade 2 musathamangire. Mutu ukhoza kukhala wa Grade 4 koma thupi ndi mtima zikadali za mwana wa zaka 8, ndipo mavuto ake amadzaonekera kutsogolo, anzake onse atakula iye akadali kamwana pakati pawo. Ngati mukufunadi kudziwa pamene ali, educational psychologist, katswiri wa kaganizidwe ndi kaphunziridwe ka ana, amayesa ndi mayeso ngati WISC, koma kwa a private ndi masauzande a ma rand, bola mufunse kaye ku Emthonjeni Centre ya ku Wits kumene amathandiza anthu wamba. Dziwaninso kuti mayeso amenewa amakhala m'Chingerezi nthawi zambiri, mwana amene kunyumba amayankhula Chichewa, panja Chizulu, akhoza kupeza malikisi otsikirapo kuposa nzeru zake zenizeni, muwauze oyesawo zimenezi asanayambe. Sukulu ya ana otere ilipo ku Fairland, Radford House, koma ndi ya private ndipo ambiri a ife thumba silingafike.

Zimene zili m'manja mwanu lero ndi khadi la laibulale ya City of Johannesburg, muzimusiya asankhe yekha mabuku ngakhale ooneka akulu. Loweruka lina mupite naye ku Sci-Bono ku Newtown akagwire zinthu za sayansi ndi manja ake. Akadzafika Grade 4 mufunse ngati sukulu imalembetsa ana ku South African Mathematics Challenge ya bungwe la SAMF, ndi ya Grade 4 mpaka 7, ndipo kumeneko ndiye akakumana ndi masamu omuimitsa mutu. Sukulu zina sizilowa chabe chifukwa palibe kholo linafunsapo. Chichewa kunyumba musasiye, chonde, ndikuona makolo ambiri akuchisiya poganiza kuti chisokoneza mwana, chonsecho mwana wa mutu ngati wanuyo zilankhulo zitatu sizimulemera n'komwe.

Aphunzitsi, ine ndimagwira ntchito ya m'garden ku Randburg koma ndimakhala ku Diepsloot. Mnyamata wanga alowa Grade 1 chaka cha mawa, ku creche akuti ndi wochenjera kwambiri. Ndikufuna alowe sukulu yabwino ya kufupi ndi kuntchito. Pali mkulu wina akuti ndimupatse kangachepe andipezera adilesi ya m'dera lomwelo komanso akuti amadziwana ndi anthu a mkati. Ndipereke? Bambo wa ku Diepsloot

Achimwene, musapereke ngakhale 1 rand. Kulembetsa ndi kwaulere, ndipo chimene mkuluyo akufuna kukugulitsani mwina muli nacho kale m'manja osadziwa.

Ku Gauteng malo a Grade 1 ndi Grade 8 amalembetsa pa intaneti, pa gdeadmissions.gov.za, zinayamba mu 2016 nthawi imene a Panyaza Lesufi anali MEC, nduna ya maphunziro m'chigawo cha Gauteng. Kuchenjera kwa mwana kompyuta ija siyifunsa. Imayang'ana izi motsatana: amene nyumba yawo ili mkati mwa dera la sukuluyo, limene amati feeder zone, ndiye oyamba, ndipo woyandikira kwambiri amatsogola. Kenako amene ali ndi mkulu wake pa sukulu pomwepo. Kenako, apa ndiye mutchere khutu, amene kholo lake limagwira ntchito mkati mwa deralo. Akatha amenewa amabwera okhala mkati mwa makilomita 30, otsiriza ndi akutali kuposa apo. Ndiye inu adilesi ya kuntchito kwanu ku Randburg ndi yovomerezeka, mungopempha abwana anu kalata yotsimikiza kuti mumagwira ntchito pamenepo ndi umboni wa adilesi yawo. Amayi amene amagonera konko kuntchito, ma stay-in, ndiye ali pabwino kuposa inu chifukwa pamenepo ndi pakhomo pawo penipeni, koma ambiri sadziwa, amakalembetsa mwana ndi adilesi ya m'bale wa ku Cosmo City.

Ndisakunamizeni, sukulu zotchuka zimadzadza ndi a gulu loyamba lija, a adilesi ya kuntchito nthawi zina osafikiridwa. N'chifukwa chake amakulolani kusankha sukulu mpaka 5, ndipo mudzaze zonse zisanu, zina za kufupi ndi kuntchito, zina za kufupi ndi kwanu. Zaka zapitazi akhala akutsegula mu Julayi kutseka mu Ogasiti koma masiku amasintha chaka ndi chaka, muzimvera. Mukalembetsa muli ndi masiku 7 a sukulu oti mupereke mapepala, ndipo apa ndi pamene anthu athu ambiri amagwera, amalembetsa bwinobwino kenako mapepala osapereka, kapena asintha nambala ya foni SMS ya malo n'kupita ku simu yakale. SMS ikabwera muyankhe msanga. Ngakhale ikhale sukulu imene sinali pamtima panu musaitaye chisawawa, fodya wako ndi amene ali pamphuno, ana ena amafika February ali pakhomo. Njira yodandaula ndi ya apilo ilipo koma masiku ake ndi ochepa. Komanso amene ana awo ali Grade R pa sukulu ya boma asaganize kuti alowa okha Grade 1 pomwepo, amayenera kulembetsanso.

Adilesi yabodza akaitulukira malo amatha kulandidwa, mwana n'kutsala pa msewu sukulu zina zitadzadza kale, ndipo kwa ife obwera mlandu wa mapepala achinyengo sumathera pa sukulu pokha. Mkulu uja tsiku limenelo foni yake idzakhala yothimitsa.

Muwerengerenso fizi ndi transport. Boma linagawa sukulu m'magulu asanu otchedwa quintile potengera umphawi wa dera, za quintile 1 mpaka 3 salipiritsa, za 4 ndi 5, zimene zambiri za m'ma suburb zili, amalipiritsa. Koma lamulo likuti mwana asakanidwe malo chifukwa kholo silingathe kulipira, ndipo pali fomu ya exemption, fizi ya pachaka ikafika 10 peresenti ya zimene makolo awiri mumapeza pachaka simuyenera kulipira kanthu, ikacheperapo amakuchotserani gawo. Muipemphe chaka chikangoyamba osadikira ngongole ikule. Ndipo muganizirenso za kamwana ka zaka 6 kodzuka mdima ulipo tsiku lililonse kukadikira taxi m'nyengo yozizira ya June, ena amapirira ena zimawafooketsa, mwana wanu mukumudziwa ndinu.

Mwana wanga anabadwira konkuno koma birth certificate sitinapeze, ine permit inatha. Aphunzitsi ake akuti ndi nambala wani m'kalasi koma ndimaopa kupita ku ma meeting kuti angandifunse mapepala n'kumuchotsa. Mayi wa ku Turffontein

Amayi, ku meeting pitani. Mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu umene anasuma a Centre for Child Law, linagamula kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro kaya ali ndi mapepala kaya alibe, ndipo sukulu ilandire affidavit, kalata yolumbira, m'malo mwa birth certificate. Unduna unatumiza Circular 1 ya 2020 ku sukulu zonse kuwauza zomwezo. Wina akakuopsezani kuti mwana achoka, mupemphe akulembereni pa pepala, kenako mukaonane ndi a SECTION27 ku Braamfontein kapena a Lawyers for Human Rights, amathandiza ulere. Koma nkhani ya birth certificate musaigonere, kalata ya kuchipatala imene anakupatsani atabadwa muisunge bwino ndipo muyambe kuyendera pano, chifukwa ma scholarship ndi za ku koleji kutsogoloko zimafuna mapepala. Mwana wa nambala wani amafunika mayi ake aziwoneka pa sukulu, aphunzitsi amalimbikira pa mwana amene akudziwa kuti kumbuyo kwake kuli munthu.

Aphunzitsi, tikukangana ndi akazi anga. Mwana wathu ali Grade 6, masamu ndi sayansi amakhoza koopsa. Ine ndikuti apite kumudzi kwa agogo ake ku Mzimba akalembe Standard 8 asankhidwe ku national secondary school ngati mmene zinkakhalira. Mayi ake akuti ayi akhale konkuno. Kodi kuno kuli sukulu zosankha ana ndi nzeru zawo? Bambo wa ku Kempton Park

Abambo, ku sekondale ndiye ziliko. Gauteng ili ndi zimene amati Schools of Specialisation, ndi za boma, yoyamba inali Curtis Nkondo ku Emdeni ku Soweto mu 2016, ndipo pano zafalikira m'madera ambiri. Iliyonse ili ndi mbali yake, zina masamu, sayansi ndi makompyuta, zina uinjiniya ngati John Orr ya ku Milpark, zina zamalonda, zina masewera, zina luso monga National School of the Arts ku Braamfontein kumene mwana amakaonetsa kuimba, kuvina, kujambula kapena zisudzo pamaso pa oweruza. Sukulu zimenezi ndi zimene zimaloledwa kuyesa mwana asanalowe. Mumalembetsa pa intaneti pomwe paja mwana ali Grade 7, kenako amaitanidwa ku mayeso kapena ku audition. Ndiye report ya Grade 6 ndi ya Grade 7 ndi yofunika kwambiri, chaka chino si chosewera nacho. Palinso mabungwe ngati Student Sponsorship Programme ndi Allan Gray Orbis Foundation amene amafunafuna ana a Grade 6 kuti awalipirire sekondale zapamwamba, koma mabungwe otere kawirikawiri amafuna mwana akhale mzika ya dziko lino, muwerenge malamulo awo kaye musanamulonjeze mwana kanthu.

Za kumudzi ndikumvetsa chimene mtima wanu ukufuna, dzina la mwana kutuluka pa mndandanda ndi ulemu wa banja lonse. Koma taganizani za mwanayo. PSLCE ili ndi pepala la Chichewa, ndi galamala yake, miyambi ndi chimangirizo, mwana wokulira ku Kempton Park amene Chichewa chake ndi cha pa tebulo lodyera adzapikisana ndi ana amene achiphunzira kuyambira Standard 1, kuonjezera apo kwa agogo ku Mzimba akapeza Chitumbuka. Social Studies yake ndi ya Malawi, mitsinje, maboma, mbiri, zonse zachilendo kwa iye. Chaka cha sukulu kumudzi chimayamba September pamene kuno ndi January, ndiye miyezi ina itayika pakati. Malo ku national secondary school ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana amene amalemba, ana okhoza bwino ambiri amathera ku CDSS, ndipo ameneyo adzakhala ali kutali ndi mayi ake pa msinkhu umene mwana wamwamuna amafuna bambo ake pafupi.

Ngati banja lonse mukuganiza zobwerera kumudzi zaka ziwiri zikubwerazi, apo ndiye bola apite msanga akayambire Standard 7 kuti apeze nthawi yozolowera asanalembe. Ngati inu mukhala konkuno, ine ndili mbali ya mayi ake. Mukhale pansi atatu, mnyamatayo mumufunse zimene amafuna kudzachita, musankhe Schools of Specialisation ziwiri zimene angathe kufika ndi taxi imodzi kuchokera kwanu, muyimbe foni mufunse masiku a mayeso awo ndi zimene amayesa, ndipo mapepala ake, pasipoti, permit ndi ma report onse, mukhale mutawaika mu failo imodzi pofika June wa chaka cha mawa.